Ndalama za Kwaya ndi Mitengo ya M'mudzi

Amayi ndi abambo, mwatsiriza maphunziro a sukulu ya kwacha. Tsopano mukutha kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera. Chifukwa cha nzeru zimenezi, ambiri mwa inu anzanu akusankhani kale pa maudindo. Wina ndi mlembi wa kwaya. Wina ndi msungichuma wa gulu la amayi loyendera odwala ndi okalamba. Winanso akusunga thumba la gulu la mganda kapena la chimtali. Mau anga lero akupita kwa inu amene mwagwira buku la ndalama za gulu.

Gulu lililonse limafuna ndalama, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Kwaya imafuna yunifomu, kiyibodi, zokuzira mau, ndi ndalama ya galimoto popita ku chikondwerero cha makwaya. Gulu lachifundo limafuna sopo, mchere, zofunda, ndiponso fizi ya ana amasiye. Zinthu zimenezi sizigwa kumwamba ayi. Tsono ine sindikufunsa ngati nkoyenera kufuna ndalama. Ndikufunsa kuti ndalamazo tizitenga kuti, ndipo kumene tazitengako tisiyako chiyani?

Buku la mbali ziŵiri

Msungichuma aliyense amadziŵa kuti buku lake lili ndi mbali ziŵiri. Kumanzere amalemba zoloŵa. Kumanja amalemba zotuluka. Akachotsera zotuluka pa zoloŵa, chotsalacho ndiye phindu. Ndi mmene mudaphunzirira, ndipo nzoona.

Koma tiyerekeze kuti kwaya yanu yaumba njerwa, yaotcha, yagulitsa. Ku zoloŵa mulemba ndalama za njerwa. Ku zotuluka mulemba chikombole, ufa ndi ndiwo za ogwira ntchito, mwinanso ngolo imene idatuta nkhuni. Nanga mitengo imene idaloŵa mu uvuni ija mwailemba mbali iti? Simudailembe paliponse, chifukwa simudaigule. Mudangopita kuphiri ndi nkhwangwa. Ndiye buku likuonetsa phindu lalikulu, anthu akuomba m'manja, amayi akululutira. Paja m'Chicheŵa mau akuti mtengo ali paŵiri: pali mtengo wa kutchire, palinso mtengo wa pamsika. Mtengo wa kiyibodi yanu walipiridwa ndi mtengo wa kuphiri, ndipo amene wataya ndi mudzi wonse, ngakhale anthu amene sadaimbeko kwaya chibadwire.

Ndikupemphani kuti mutenge cholembera, mujambule mzere wina m'bukumo, pakhale mbali yachitatu. Pamwamba pake mulembe kuti: Zimene tatenga kutchire. M'munsi mwake muzilemba mitengo ingati yagwa, ya mtundu wanji, yadulidwa kuti. Poŵerenga lipoti la chuma pa msonkhano, muziŵerenganso mbali imeneyi mokweza. Mudzaona kuti anthu akamva chiŵerengero ndi makutu ao, amayamba kuganiza mwina.

Njerwa ndi makala

Tiyambe ndi njerwa, popeza ndi njira imene magulu ambiri amathamangira chilimwe chikafika. Uvuni wa njerwa sufuna tinkhuni tophikira nsima. Umafuna zipika zazikulu zimene ziyake usana ndi usiku mpaka njerwa zonse zifiire. Nchifukwa chake anthu amasankha mitengo yachilengedwe yolimba, monga tsamba, mombo ndi muŵanga. Mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono. Imene mudula lero idamera agogo anu ali ana. Ikatha, nkhwangwa imaloŵa m'mudzi, imagwera mango. Taganizani, mtengo wa mango umene wakhala ukudyetsa ana chaka ndi chaka nthaŵi ya njala, uthere mu uvuni sabata imodzi! Ndipo ntchito ikatha pamatsala nkhuti, dzenje lija mudakumbamo dothi. Mvula ikagwa limadzaza madzi, udzudzu umaswana momwemo, ndipo kwa mwana wamng'ono ndi msampha.

Boma lidaona kale vuto limeneli. M'chaka cha 2018 lidaika malamulo akuti nyumba za boma ndi nyumba zamalonda zisamamangidwe ndi njerwa zootcha ndi nkhuni. M'malo mwake pali mabuloko a simenti, palinso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene amazitsindira ndi makina nkuziumitsa popanda moto. Sindikubisirani, kuyamba kwake kumafuna ndalama zambiri kuposa chikombole chathabwa. Gulu laling'ono silingakwanitse lokha. Koma ngati mpingo wonse ukufuna kumanga, muifunse bwino njira imeneyi musanatume anyamata kuphiri.

Za makala ndinene mosapsatira. Pootcha makala m'njira yathu yokwirira ndi dothi, nkhuni zambiri zimangothera mu utsi ndi phulusa. Kuti mupeze makala olemera kilogalamu 1, pamafunika nkhuni zolemera makilogalamu 5 kapena kupitirira pamenepo. Thumba limodzi limene mwakweza pa njinga ndi mtengo wambiri ndithu. Komanso lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakonzedwanso mu 2020, silimalola munthu kuotcha makala opanda chiphaso chochokera ku Dipatimenti ya za Nkhalango. Lamulo silifunsa kuti ndalamazo mumafuna kugulira moŵa kapena mabuku a nyimbo. Manyazi ake mukuwaona kodi, wapampando wa kwaya kukaimirira pamaso pa woweruza milandu?

Mwina wina anena kuti, "Ife tangodula mitengo khumi yokha, nanga dziko lingathe ndi zimenezo?" Eetu, khumi si yambiri. Koma magulu onga lanu alipo angati m'dera lanu lokha? Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mu mzinda amamwa, idadulidwa ndi ootcha makala mpaka boma lidatumizako asilikali mu 2015 kuti akailondere. Aliyense wa odulawo ankati akudula pang'ono. Kumwera, dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limatsikira mu Shire, nkukadzaza m'madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene timapangira magetsi. Kiyibodi yanu ija imalira ndi magetsi omwewo.

Ndipo simudaiŵale za namondwe wa Freddy mu March 2023. Mvula idagwa yoopsa masiku angapo osaleka. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ku Blantyre nkukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu opitirira 1,000 adafa kapena kusoŵa. Mvula yotero ikadaononga ndithu ngakhale mitengo ikadakhalapo, koma phiri lopanda mizu yogwira dothi silichedwa kugumuka. Amene adathamanga ndi ufa, zovala ndi zofunda ndi magulu achifundo omweŵa. Makwaya ndiwo adaimba pa maliro. Chakudza sichiimba ng'oma, adatero akuluakulu. Kodi nzoyenera kuti gulu lothandiza ovutika lizipeza ndalama m'njira imene idzaonjeza ovutika maŵa?

Inu oimba muli ndi chifukwa chinanso chosamalira nkhalango. Ng'oma simera m'sitolo. Imasemedwa ku thunthu lalikulu, monga la mtondo. Mlombwa ndi thabwa lolira bwino, ndipo opanga malimba amaufuna. Phingo, mtengo wakuda m'kati uja, amaugula a maiko akunja kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique kuti akapangire zitoliro za mabandi akuluakulu, ndipo umatenga zaka makumi ambiri kuti ukhwime. Funsani wosema ng'oma wa kwanu kuti masiku ano amayenda mtunda wautali bwanji asanapeze thunthu loyenera. Mumve yekha akuuzeni.

Tsiku la chikondwerero

Tsopano tibwere pabwalo, tsiku limene mwaitana makwaya anzanu kapena magule a midzi ina. Anthu adzaza. Amayi akugulitsa mandasi, zitumbuwa, mtedza ndi mafirizi. Chilichonse chikuloŵa m'kajumbo. Dzuŵa likaloŵa anthu amwazikana, msungichuma akuŵerenga ndalama mokondwa. M'maŵa mwake pitani mukaone bwalo lija. Majumbo ali mbwee, ena akoleka m'mitengo, ena auluka mpaka kudambo. Oyamba kufika ndi mbuzi.

Mbuzi ikamva fungo la mafuta ndi mchere pa jumbo imameza. Jumbolo siligayika m'mimba. Limakhala momwemo, lina nkubwera, linanso nkubwera, mpaka chifu chidzaza. Mbuzi imayamba kuonda ngakhale msipu ulipo, kenaka imafa. Opha nyama amazidziŵa bwino izi, chifukwa amawapeza majumbowo akatumbula. Mayi wina wa kuno kwathu, Gloria Majiga-Kamoto, adaona mbuzi za alimi zikufa motero, ndipo adalimbikira pamodzi ndi anzake kuti lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala ligwire ntchito. Lamulolo boma lidaliika mu 2015. Makampani ena adakalitsutsa ku khoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti lamulo lili bwino. Mu 2021 mayiyu adalandira mphotho ya dziko lonse lapansi ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi. Majumbo oletsedwawo ndi opyapyala osafika muyeso wa mamaikuloni 60, ndiye kuti timajumbo tija tong'ambika mukangoikamo tomato.

Kuotcha majumbo si mankhwala ake, chifukwa utsi wake ndi woipa m'chifuŵa, ndipo oimba amadalira chifuŵa chomwecho. Kuwasiya nkoipanso, chifukwa amatseka ngalande, madzi nkuima. Chabwino nkuwaletsa asanafike pabwalo. Mlembi polemba kalata yoitana anthu aonjezepo mzere umodzi: aliyense abwere ndi kapu ndi kambale kake. Thobwa likhale mu ndowa yovundikira, wogulitsa azitunga ndi chikho chimodzi choyera, ndipo pambali pakhale madzi ndi sopo. Zitumbuwa zikhoza kukulungidwa m'tsamba la nthochi lotsuka bwino. Kodi mkate wa nthochi sitiphikira m'tsamba lomwelo kuyambira kale? Musankhenso anthu anayi kapena asanu amene ntchito yao tsikulo ndi kutola zinyalala mwambo ukangotha, osadikira maŵa. Makoko ndi zotsala za chakudya zipite ku dzenje la manyowa. Mabatire akutha a tochi ndi a maikolofoni asatayidwe pamene ana amaseŵera kapena pafupi ndi chitsime, muli mankhwala aululu m'menemo.

Ndalama zosasiya chipsera

Ndalama yoyera kuposa zonse ndi imene mumaipeza ndi mau anu ndi manja anu. Kuimba pa ukwati, Pepa Sande, ulendo wa ndawala, ganyu yopalira kapena yokolola m'munda wa munthu, zonsezi sizigwetsa mtengo. Munda wa gulu wa soya kapena mtedza umabweretsa ndalama, ndiponso mbeu zimenezi zimabwezera chonde m'nthaka. Amayi odziŵa kuumba akhoza kuphunzira mbaula ya dongo ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mukagulitsa mbaula imodzi, mwapeza ndalama, ndipo banja logulalo lichepetsa maulendo a kunkhuni.

Ndinenekonso pang'ono za zofuna zathuzo. Nthaŵi zina gulu limadzisenzetsa katundu wolemera chifukwa chofuna kufanana ndi a mtauni. Kiyibodi ndi yabwino, sindikukana. Koma a malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga amadzaza bwalo ndi malipenga a zikho zolimidwa m'munda. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'miseu ya ku Lilongwe ndi gitala wa zingwe zinayi, kang'oma kopondera ndi phazi, ndi babatoni wa chingwe chimodzi wopanga okha. Mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake adayenda maiko ambiri a ku Ulaya ndi zida zomwezo. Choncho musanayambe kusonkha, khalani pansi mufunsane ngati chinthucho mukuchifunadi chaka chino.

Njuchi nazo ndi abwenzi a msungichuma. Pano pali mau aŵiri ofanana amene ophunzira amawasokoneza polemba: ng'oma ndi mng'oma. Ng'oma imalira pabwalo, mng'oma umasunga njuchi. Koma chenjerani ndi mng'oma wa khungwa. Mukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengowo wafa basi, ngakhale uimirire miyezi ingapo. Gwiritsani ntchito mng'oma wa matabwa wokhala ndi timitengo togona pamwamba. Pakani phula m'kati kuti njuchi ziloŵe, ndipo muupachike kutali ndi njira, sukulu ndi makola a ziŵeto. Pofula uchi mugwiritse ntchito utsi, osati lilime la moto, chifukwa moto umapha njuchi ndipo ndi umene umayatsa tchire. Uchi wokhwima suonongeka msanga, mukhoza kuusunga kudikira mtengo wabwino. Chinanso, pamene papachikidwa ming'oma, odula mitengo safikapo mwachisawawa.

Nazale ya gulu

Njira imene ndikufuna kukhalitsapo ndi nazale ya mbande za mitengo, chifukwa imayenerana kwambiri ndi kwaya. Kwaya imakumana kale kaŵiri kapena katatu pa sabata kudzaphunzira nyimbo. Anthu alipo, nthaŵi ilipo. Chofunika ndi kufika msanga pang'ono ndi ndowa m'manja.

Yambani ndi kukaonana ndi a mfumu kuti akupatseni malo pafupi ndi madzi osaphwa chilimwe. Kaonaneninso ndi mlangizi wa za nkhalango ndi komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, ngati ilipo. Iwo adzakuthandizani za mbeu. Mangani mpanda wolimba, chifukwa mbuzi ndi nkhuku sizidziŵa kuti mbandezo nza Mulungu kapena za ana amasiye. Pamwamba pakhale kamthunzi ka udzu.

Mwezi wa July ndi August ndi nthaŵi yodzaza machubu. Sakanizani dothi lakuda la pamwamba, mchenga pang'ono, ndi manyowa oola bwino. Ngati machubu ogula akukwera mtengo, tolani mapepala a shuga ndi mapaketi a Chibuku, muboole kunsi kuti madzi azituluka. Ndikudziŵa, a kwaya ena achita manyazi kuonedwa atanyamula mapaketi a Chibuku. Tolani a mkaka, ntchito yake ndi imodzimodzi, ndipo mseu wa kwanu uyera.

Kufesa kumayamba cha mu August ndi September, kuti mbande zidzakhale zitakula mvula yodzalira ikamagwa mu December. Mbeu zili ndi makhalidwe osiyana. Ya nsangu ili ndi khungu lolimba, choncho muicheke pang'ono m'mphepete ndi chodulira zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kaso kake, kuti madzi aloŵe. Ya mbaŵa imafa msanga ikasungidwa, muifese ikadali yatsopano. Keshya ndi gilisidiya zimakula mofulumira, ndipo ndi zabwino pa nkhuni. Nsangu alimi amaukonda chifukwa umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja, ndiye chimanga chimakula bwino pansi pake osasoŵa dzuŵa. Bulugamu ali ndi msika wa milimo, koma ogula muziwauza kuti asamudzale pafupi ndi mtsinje kapena dimba, amamwa madzi kwambiri. Musaiŵale zipatso: mapapaya, magwafa, mapeyala ndi mango. Ngati mmodzi wa inu aphunzira kumezanitsa mango, mbande zake zimagulidwa mtengo wokwera kuposa zina.

Thirirani m'maŵa ndi madzulo. Pakapita masabata aŵiri alionse muzisuntha machubu, kuti mizu isaloŵe pansi, chifukwa ikaloŵa mudzaidula ponyamula ndipo mbande idzafota. Kutatsala masabata ochepa kuti mudzale, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zizoloŵere dzuŵa. Mlembi alembe maina a othirira tsiku ndi tsiku, apachike pa mpanda. Nazale zambiri sizifa ndi matenda ayi. Zimafa mu October, kukatentha, aliyense akuganiza kuti mnzake wathirira.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti mwadzaza machubu 1,000. Mbeu zina sizidamere, mbande zina zafa, zonse pamodzi 200. Zatsala zingati? Zatsala 800. Pa zimenezi patulani 100 zokadzala pa malo a gulu kapena m'nkhalango ya mudzi. Zogulitsa ndi 700. Funsani mtengo wa mbande imodzi kwanuko, muchulukitse ndi 700, muchotsere zimene mudagula. Yankho mulembe nokha.

Ndalama ya nazale imachedwa, izi ndiyenera kukuuzani. Mugwira ntchito miyezi inayi kapena isanu musanaone tambala. Ngati chikondwerero chili mwezi wa maŵa, nazale sikuthandizani, pitani ku ganyu. Komanso musadikire kuti mbande zikule ndiye muyambe kufuna wogula. Kale tinali ndi tsiku limodzi lodzala mitengo, limene lidayamba mu 1976. Tsopano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, ndipo masukulu, mipingo, mabungwe ndi alimi amafuna mbande nthaŵi imeneyi. Mlembi alembe makalata mu September, awauze mitundu imene muli nayo, afunse kuti adzafuna zingati. Apa ndi pamene kulemba kwanu kukugwira ntchito.

Mitengo 100 mudapatula ija muidzale mvula ikakhazikika, m'maenje okumbiratu. Muipalire, muitchingire, ndipo mvula ikatha mulambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo. Ngati pamalopo pali zitsa za mitengo yachilengedwe zimene zikuphuka, musazizule. Sankhani mphukira ziŵiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, zinazo mudule. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, choncho chimakula msanga kuposa mbande.

Pomaliza bwererani ku buku lija. Ku mbali yachitatu, pansi pa mitengo imene gulu lidadula kale, lembani imene mwadzala, ndi tsiku lake. Koma musathamangire kuiŵerenga ngati ngongole yabwezedwa. Dikirani chilimwe chidutse. Mvula yoyamba ikagwa, msungichuma ndi anthu ena aŵiri apite kumaloko akaŵerenge imene ili moyo, mtengo umodzi umodzi. Chiŵerengero chimenecho ndicho mudzaŵerenge pa msonkhano wa kutha kwa chaka, ndipo m'maenje mmene mwafa mitengo mudzadzalemo mbande za nazale yachiŵiri.